Malonda akuyenda koma mashelefu akupepuka: kodi ndigule sisitemu ya pa kompyuta?

Funso: Ndili ndi shopu ya hadiweya ku Mponela ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Ndimagulitsa simenti, malata, misomali, penti ndi zina zomangira. Ndikayang'ana m'kope, ndalama zogulitsa zikukwera chaka ndi chaka, koma mashelefu akupepuka ndipo nthawi zina ndimasowa ndalama yoodera katundu. Mwana wa mchemwali wanga, amene anaphunzira zakompyuta, akuti ndigule sisitemu yoti izindiunikira data. Kodi zimenezi n'zothandizadi kwa ife amabizinesi ang'onoang'ono, kapena ndi za makampani akuluakulu okha? (Mayi wa ku Mponela)

Mayi, mnyamatayo sakunama, kungoti wayambira kumchira. Kuunika data n'kothandiza kwambiri, ndipo kwa inu n'kofunika kuposa kwa kampani yaikulu, chifukwa kampani ikalakwitsa oda imodzi imapitirira, pamene inu oda imodzi yolakwika ikhoza kumanga theka la mpamba wanu kwa miyezi. Koma sisitemuyo musagule panopa. Chimene anthu amatcha data ndi manambala a zimene zachitika pa bizinesi: mwagulitsa chiyani, zingati, liti, pa mtengo wanji, kwa ndani. Kuunika ndiko kuwafunsa manambalawo funso limene yankho lake lisinthe zochita zanu Lolemba likubwerali. Inu muli nawo makope a zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo funso mwalipeza kale nokha: n'chifukwa chiyani ndalama zikukwera pamene katundu akuchepa? Tiyambire pomwepo.

Ndikukayikira kwambiri kuti kope lanu likukunamizani, ndipo chikulichititsa zimenezi ndi kwacha. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Katundu wa hadiweya ambiri amachokera kunja, ndipo ngakhale amene amapangidwa konkuno amadalira zipangizo, mafuta ndi zitsulo zogula ndi dola. Ndiye mitengo inakwera, inu munakweza, ndipo nambala ya pansi pa tsamba lililonse inakula. Koma nambala imeneyo imayeza kwacha, siyeza bizinesi.

Tiyerekeze ndi mitengo yongopeka kuti masamu aoneke. Mwaoda matumba 100 a simenti pa K20,000 limodzi, mwagulitsa onse pa K23,000. M'manja muli K2,300,000, ndipo kope likuti phindu ndi K300,000. Mwatenga K300,000 ija n'kulipira fizi ndi lendi, ndi mtima woyera, poti ndi phindu. Mukabwerera ku holoselo ku Lilongwe mwapeza thumba lafika pa K24,000. K2,000,000 yanu ikugula matumba 83. Ngakhale mukanapanda kukhudzako tambala, K2,300,000 yonseyo ikanagula matumba 95 okha. Taonani tsono zimene zichitike m'kope ulendo wotsatira: matumba 83 aja mugulitsa pa K27,500, mupeza K2,282,500, pafupifupi yofanana ndi ya poyamba. Maso anu aona kuti malonda sanagwe. Koma matumba 17 apita ndipo palibe tsamba limene lalemba za imfa yawo. Zikachitika choncho katatu, kanayi, pa simenti, pa malata, pa mawaya, munthu wadya mpamba osadziwa, ndipo si chifukwa cha kusakaza.

Ntchito yoyamba, ndipo ndikupemphani muichite sabata ino, ndi iyi. Sankhani zinthu khumi zimene zimayenda kwambiri. Tengani makope a zaka zitatu zapitazi. Pa chinthu chilichonse werengani kuchuluka kwake mwezi ndi mwezi: matumba angati a simenti, malata angati, makilogalamu angati a misomali. Osalemba kwacha ngakhale imodzi pa pepala limenelo. Mukamaliza muone ngati matumba a Julayi wa chaka chino aposa a Julayi wa chaka chatha. Ngati aposa, bizinesi ikukuladi ndipo ndalama zikudontha kwina, tikambirana m'munsimu. Ngati achepa, mwapeza matenda. Mankhwala ake ndi kuika mtengo potengera ndalama zimene mukalipire pokaodanso, osati zimene munalipira mwezi watha. Musanagulitse thumba lomaliza la oda yakale, imbani foni ku holoselo mufunse mtengo wa lero. Ena amaona ngati kutero n'kubera makasitomala. Ine sinditero. Thumba limene lachoka pashopu liyenera kusiya ndalama yokwanira kubweretsa linzake, kupanda apo shopuyo idzatsekedwa ndipo makasitomala omwewo adzayenda ulendo wautali kukagula kwina modula.

Ngati mukufuna kudziwa kuti mitengo m'dziko yakwera motani pa chaka, National Statistical Office ya ku Zomba imatulutsa chiwerengero chimenecho mwezi uliwonse, ndipo nyuzipepala ndi mawailesi amachilengeza. Ndalama zogulitsa zikakwera pang'ono kuposa mmene mitengo yakwerera, ndiye kuti mwabwerera m'mbuyo. Komabe malisiti anu a ku holoselo ndi amene angakuuzeni zoona zenizeni, chifukwa chiwerengero cha boma chimalemedwa kwambiri ndi mtengo wa chakudya, makamaka chimanga, pamene inu mumagulitsa malata.

Funso lachiwiri ndi limene ndimalikonda, chifukwa limadabwitsa pafupifupi aliyense: pa katundu yense ali m'shopumo, ndi uti amene amakudyetsani? Amalonda ambiri amayang'ana phindu la pa chinthu chimodzi. Amati penti ndiye wabwino chifukwa pa chitini chimodzi umapeza zambiri, simenti ndi yongovutitsa, yolemera, phindu lake lochepa. Koma ndalama ya bizinesi ili ngati nkhuku: funso si kukula kwa dzira lokha, ndi kuti imaikira kangati. Tiyerekezenso. Mwaika K2,000,000 pa simenti, mumapeza K300,000 ikatha, ndipo imatha kawiri pa mwezi. Ndi K600,000 pa mwezi, kutanthauza kuti K100 iliyonse ikubereka K30. Mwaikanso K2,000,000 pa zitini za penti wodula, mudzapeza K800,000 zikadzatha, koma zimatenga miyezi isanu ndi itatu. Ndi K100,000 pa mwezi, K100 iliyonse ikubereka K5 yokha, ndipo pa miyezi isanu ndi itatu imeneyo kwacha yakhala ikusungunuka. Pomwe misomali, imene mwina simuiwerengera n'komwe, mwaikapo K200,000, imatha mwezi uliwonse n'kusiya K100,000. K100 iliyonse ikubereka K50.

Manambala anu adzakhala osiyana ndi angawa, ndipo muyenera kuchotsamo thiransipoti ndi ndalama ya anyamata okweza ndi kutsitsa, zimene pa simenti zimadya kwambiri. Koma njira yake ndi yomweyo: phindu la pa mwezi, kugawa ndi ndalama zimene zagona pa katunduyo. Mukachita izi pa zinthu makumi awiri kapena atatu, n'kuziika pa mndandanda kuyambira chobereka kwambiri, mudzaona kuti zinthu zochepa ndi zimene zikunyamula shopu yonse. Akatswiri a zamalonda amatcha zimenezi lamulo la Pareto, potengera Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy amene anaona kuti malo ambiri m'dziko lakwawo anali m'manja mwa anthu ochepa. Si lamulo lokhwima loti nthawi zonse 80 peresenti ya phindu imachokera ku 20 peresenti ya katundu, koma sindinaonepo shopu imene katundu yense amabereka mofanana. Zinthu za pamwamba pa mndandandawo zisamathe tsiku ndi limodzi lomwe. Za pansi ndi zimene muyenera kuziyang'ana ndi maso ouma.

Kumeneko ndi kumene ndikuganiza kuti gawo lina la ndalama yanu yoodera lagona. Yendani m'shopu ndi choko, muchonge chilichonse chimene sichinagulidwe miyezi isanu ndi umodzi, kenako muwerengere ndalama zake. Ndinathandizapo bambo wina wa shopu ngati yanu amene ankafuna kukatenga ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu kuti aodere malata nyengo ya fodya. Titayenda ndi choko tinapeza matailosi, masinki ndi zogwirira zitseko zimene anaoda chifukwa choti zinkaoneka bwino, ndipo ndalama zake zinali pafupi ndi zimene ankafuna kubwereka. Zinamuwawa kuzigulitsa motchipa, chifukwa munthu amakumbukira zimene analipira. Koma anazitsitsa mtengo, zina anasinthana ndi mnzake wa m'tauni kumene zimayenda, ndipo ngongole imene anatenga inali yaing'ono. Pali zinthu zina zosayenda mwachangu zimene muyenera kusungabe, monga tizitsulo ta mapaipi timene pulambala akatipeza kwa inu amagulanso china chilichonse. Izo sungani ziwiri zitatu, osati katoni.

Tsopano ndikuuzeni za chinthu chimene kope lanu silingaone, ndipo sisitemu ya pa kompyuta nayonso siingaone. Kope limalemba zimene zagulitsidwa. Munthu amene analowa, n'kufunsa malata a mafiti 12, n'kuuzidwa kuti atha, n'kutuluka, mulibe m'kopemo. Ndiye mukamaoda potengera zimene munagulitsa, mudzaodabe malata a mafiti 10 omwewo, n'kumaganiza kuti ndi amene anthu amafuna, chonsecho ndi okhawo amene analipo. Gulani kakope kena kotchipa, kaikeni pa kauntala, ndipo aliyense wogulitsa azilemba chilichonse chimene kasitomala wafunsa koma sanagule, ndi chifukwa chake: chatha, sitisunga, kapena wati chadula. Pakatha miyezi iwiri kakope kameneko kadzakhala kamtengo wapatali kuposa makope ena onse. Kadzakuuzani zoyenera kuyamba kusunga, kadzakuuzaninso pamene mtengo wanu wathawitsa anthu.

Kutha kwa katundu kuli ndi masamu ake osavuta. Ngati mumagulitsa matumba 8 a simenti pa tsiku ndipo kuyambira poimba foni mpaka lole kufika pamatenga masiku 4, ndiye kuti pakatsala matumba 32 mwachedwa kale. Onjezerani masiku awiri a mavuto a mafuta kapena galimoto kuwonongeka, muziimba foni pakatsala 48. Lembani nambala imeneyo pakhoma pomwe pali simentiyo. Osaodanso mopitirira muyeso m'nyengo ya mvula, poti simenti ikamwa chinyezi imauma n'kukhala mwala.

Makampani akuluakulu amene mwawatchula amachita zomwezi, kungoti ndi manambala ochuluka. Mu 2004, mphepo yamkuntho yotchedwa Frances ikuyandikira ku Florida, m'dziko la America, akuluakulu a masitolo a Walmart anabwerera ku zimene anthu anagula milungu ingapo m'mbuyomo pamene kunkabwera mphepo ina yotchedwa Charley. Matochi ndi madzi aliyense akanaganiza. Koma manambala anaonetsa kuti tizakudya ta m'paketi totchedwa Pop-Tarts tinayenda kasanu ndi kawiri kuposa masiku onse, ndipo anatumiza malole odzaza ndi timeneti kumasitolo a m'njira ya mphepoyo. Chimene anachita ndi kufunsa kuti, ulendo watha zinthu zili chonchi, anthu anagula chiyani? Funso limeneli inunso mungalifunse, ndipo Mponela ali ndi nyengo zake zodziwika bwino kuposa mphepo za ku Florida.

Dowa ndi dziko la fodya. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, alimi akayamba kugulitsa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma ndalama zimalowa m'midzi, soya ndi mtedza nazo zikugulitsidwa, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kapena Sepitembala ndi pamene anthu amafolera nyumba ndi kumanga. Cha mu Okutobala ndi Novembala ndalama zimatembenukira ku feteleza ndi mbewu, ndipo anthu amangofuna mapepala apulasitiki ofolera, makasu ndi misomali yokonzera denga mvula isanagwe. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala ndi fizi. Zonsezi mukuzidziwa kuposa ine. Chimene manambala awonjezere ndi kukula kwake ndi tsiku lake: malata amayamba kuyenda sabata iti, amakwera kangati, amasiya liti. Mukadziwa zimenezo mudziwa mwezi woyamba kusunga ndalama ndi mwezi woleka kuoda. N'chifukwa chake ndinati muyerekeze Julayi ndi Julayi mnzake. Kuyerekeza Febuluwale ndi Ogasiti kungokudwalitsani mtima pachabe. Muonenso masiku a m'sabata ndi a m'mwezi: tsiku la msika ndi masiku amene aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma alandira amaoneka bwino lomwe m'kope, ndipo ndi masiku osayenera kuti inu mukhale muli ku maoda.

Simunatchule za ngongole, koma shopu ya hadiweya yopanda kabuku ka ngongole sindinaionepo. Amisiri, makontirakitala, abale, akumpingo. Tsegulani kabukuko mugawe mayina m'magulu atatu: osapitirira masiku 30, apakati pa 30 ndi 90, ndi opitirira 90. Phatikizani gulu lililonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndalama ya gulu lachitatulo musamaiwerengere ngati yanu pokonza maoda. Ndipo kumbukirani masamu a simenti aja: munthu amene anatenga matumba 10 chaka chatha n'kubweza lero pa mtengo wa chaka chatha, wabweza matumba 7 kapena 8. Sindikunena kuti musiye kukongoza, chifukwa mmisiri wokhulupirika amakubweretserani makasitomala ake onse. Koma kabukuko kadzakuonetsani amene amabweza pa nthawi ndi amene satero, ndipo malire a aliyense muziika potengera mbiri yakeyo, osati kukoma kwa pakamwa pake. Ngati mwagwirizana kuti adzalipira mochedwa, gwirizanani kuti adzalipira mtengo wa tsiku lolipiralo.

Pali malo ena amene ndalama zimadontherako: zimene mumatenga nokha. K5,000 ya ndiwo, K20,000 ya maliro, yamagetsi akunyumba. Zonse n'zoyenera, koma zilembedwe. Dzipatseni malipiro a pamwezi ndipo china chilichonse chotuluka chikhale ndi mzere wake. Kenako kamodzi pa mwezi werengani katundu wa zinthu khumi zija: zimene zinalipo, kuphatikiza zimene zabwera, kuchotsa zimene zagulitsidwa, ziyenera kufanana ndi zimene zili pa shelefu. Zikasiyana musathamangire kunena kuti mnyamata wa pa kauntala ndi wakuba. Nthawi zambiri ndi kuiwala kulemba pamene anthu achuluka, kapena sikelo ya misomali ikupitirira. Koma zikamasiyana pa chinthu chimodzimodzi mwezi ndi mwezi, pamenepo pali nkhani yofunika kukhalirana pansi.

Ndikuchenjezeninso pang'ono, chifukwa manambala nawo amasocheretsa munthu wowakhulupirira mopitirira. Mwezi umene kontirakitala wina anagula matumba 300 omangira sukulu si mwezi wamba; uchongeni, musaodere chaka chamawa potengera iwo. Mukatsitsa mtengo wa malata mu Juni n'kuona akuyenda, musafulumire kunena kuti ndi mtengowo, poti mu Juni malata amayenda kale. Mukafuna kuyesa chinthu, sinthani chimodzi chokha kwa milungu inayi, zina zonse zikhale mmene zinalili.

Nanga kompyuta ilowa pati? Zonse ndanenazi zimatheka ndi kope, rula ndi kakyuleta. Zikayamba kutopetsa, apa ndi pamene mwana wa mchemwali wanu uja agwire ntchito. Mupempheni akukonzereni tsamba limodzi mu pulogalamu ya Excel kapena Google Sheets, limene limatsegukanso pa foni, lokhala ndi mizere isanu ndi umodzi: deti, chinthu, kuchuluka, mtengo woodera, mtengo wogulitsira, ndi njira yolipirira, kaya kashi, Airtel Money, TNM Mpamba, kubanki kapena ngongole. Chinthu chilichonse chikhale ndi dzina limodzi losasintha, chifukwa mukalemba lero "malata 10ft" mawa "lata 10", kompyuta idzaona ngati ndi zinthu ziwiri. Akalowetsa miyezi ingapo, mufunseni akuonetseni chimene amati pivot table. M'mphindi zochepa chimaphatikiza malonda a chinthu chilichonse mwezi ndi mwezi, ntchito imene pamanja imadya Lamlungu lonse. Mauthenga a malipiro a pa foni musamafufute, ndi umboni wokhala ndi deti ndi ola. Ndipo manambala a foni ndi ngongole za makasitomala anu musamagawire anthu ena. Dziko lino tsopano lili ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere, la Data Protection Act.

Sisitemu yogula imakhala ndi phindu pamene mitundu ya katundu yafika mazana ambiri, kapena mwatsegula shopu yachiwiri, kapena simukhala pa kauntala masiku ambiri. Mukadzafika pamenepo, mutalemba mokhulupirika miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, mudzadziwa chimene mukufuna ndipo wogulitsa sadzakupusitsani ndi zithunzi zokongola. Mudzamufunse izi: magetsi akazima kapena intaneti ikavuta, imagwirabe ntchito? Ndimalipira kamodzi kapena mwezi ndi mwezi, m'kwacha kapena m'madola? Ndikadzafuna kusiya, manambala anga ndingawatulutse mu Excel? Imaonetsa kuchuluka kwa katundu wogulitsidwa kapena ndalama zokha? Mtengo woodera ukasintha, imawerengera phindu ndi mtengo uti? Ikawonongeka, amene adzabwere ku Mponela kudzakonza ndani? Ngati muli olembetsedwa pa msonkho wa VAT, mufunsenso ngati ikugwirizana ndi zimene bungwe lotolera msonkho la MRA likufuna pa malisiti.

Pakadali pano, Loweruka likubwerali mukatseka shopu, itanani mnyamatayo, mumupatse makope a zaka zitatu ndi mndandanda wa zinthu khumi zija. Inu muziwerenga, iye azilemba. Mukapeza kuti matumba a simenti ndi malata a Julayi uno ndi angati poyerekeza ndi a Julayi wa zaka ziwiri zapitazo, mundilemberenso manambalawo, tidzaone limodzi kuti mitengo yanu iyenera kuyambira pati.